Kodi Kunyamula Zitsulo Kumafupikitsa Mwana?

Amayi, pamene mubwera kusikelo ndi mwana wanu wamng'ono, ambiri a inu mumakhala mutasiya kunyumba ana ena okulirapo, anyamata ndi atsikana amene ayamba kusinkhuka. Masiku ano anyamata ambiri a msinkhu umenewu, m'matauni ndi m'midzi momwe, amakonda kunyamula zitsulo kuti akhale ndi matupi amphamvu. Ena amathira simenti m'zitini ziwiri nazilumikiza ndi paipi, ena amatola zitsulo za galimoto zakutha. Makolo ambiri amada nkhawa poona zimenezi, chifukwa anamva kuti mwana wonyamula zolemera amapinimbira. Kabuku kano kakufotokozerani m'mene mwana amakulira, chimene kunyamula zitsulo kumachita m'thupi mwake, ndiponso zinthu zenizeni zimene zimalepheretsa mwana kufika pa msinkhu wake.

M'mene fupa limakulira

Kutalika kwa munthu kumachokera makamaka m'mafupa a miyendo ndi a msana. Fupa lalitali, monga la ntchafu, limakulira chakunsonga zake ziwiri. Kumeneko kuli kachigawo kofewa ka chicherewecherewe, chonga chija mumachipeza kunsonga kwa fupa la nkhuku yaing'ono. Chicherewecherewe chimenechi chimachuluka, kenaka chimauma ndi kusanduka fupa lolimba, ndipo motero fupalo limatalika pang'onopang'ono.

Ntchito imeneyi imayendetsedwa ndi timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni. Mwana akamatha msinkhu mahomoni amachuluka, ndipo iye amakula mofulumira kwambiri. Atsikana ambiri amafika pa nthawi imeneyi ali ndi zaka 11 kapena 12, pamene anyamata amafikapo ali ndi zaka 13 kapena 14. M'chaka chimodzi chokha mtsikana akhoza kutalika ndi masentimita 8, ndipo mnyamata ndi masentimita 9 kapena 10. Ichi ndi chifukwa chake yunifomu imene munasoketsa pa chiyambi cha chaka imamuchepera mwana chaka chisanathe.

Pambuyo pake mahomoni amatseka malo okulirawo, ndipo chicherewecherewe chonse chimasanduka fupa. Kawirikawiri izi zimachitika kwa atsikana pakati pa zaka 14 ndi 16, ndipo kwa anyamata pakati pa zaka 16 ndi 18. Mwana amene anachedwa kutha msinkhu amachedwanso kusiya kukula. Malowo akatsekeka, palibe chakudya, mankhwala kapena masewera amene angathe kumutalikitsanso munthu.

Kodi zitsulo zimapanikiza mafupa?

Anthu ambiri amaganiza kuti katundu wolemera amapsinja fupa monga m'mene mwala umapsinjira mbewu yongomera kumene. Koma fupa ndi chinthu chamoyo, ndipo likamalandira katundu wolingana ndi mphamvu zake limayamba kulimba. Taonani mwana akamasewera jingo kapena mpira. Nthawi iliyonse pamene alumpha ndi kutera pansi, miyendo yake imalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu. Komabe palibe kholo limene limaletsa mwana kulumpha poopa kuti afupika.

Madokotala akhala akuyeza ana ochita masewera onyamula zolemera moyang'aniridwa ndi aphunzitsi, nawayerekeza ndi anzawo amene sachita masewerawa. Sanapeze kuti onyamulawo amafupika. M'chaka cha 2008, ndiponso m'chaka cha 2020, bungwe la madokotala a ana la ku America, lotchedwa American Academy of Pediatrics, linafotokoza kuti masewera amenewa akachitidwa mwadongosolo saononga malo okulira a mafupa, ndipo salepheretsa mwana kutalika. M'chaka chomwecho cha 2020, Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, la WHO, linalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 pa tsiku, ndi kuti masiku osachepera atatu pa mlungu azichita masewera olimbitsa minofu ndi mafupa.

Dziwaninso kuti zitsulo sizitalikitsa mwana. Phindu lake ndi mphamvu za minofu, mafupa olimba, ndi thupi losavulala msanga pa masewera ena.

Nanga bwanji onyamula zitsulo ambiri ndi aafupi?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo mayankho ake alipo. Munthu wamfupi amakweza chitsulo mtunda waufupi, kotero masewerawa amamukomera ndipo amapambana msanga. Naim Süleymanoğlu wa dziko la Turkey, amene anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics m'zaka za 1988, 1992 ndi 1996, anali wamtali masentimita 147 okha. Anthu a msinkhu wotere ndi amene amakhalitsa m'masewerawa natchuka, monga m'mene atsikana aatali amasankhidwira kukhala oponya zigoli pa mpira wamanja. Mpirawo sindiwo unawatalikitsa ayi.

Chachiwiri, anyamata ambiri amayamba kunyamula zitsulo ali ndi zaka 16 kapena 17, nthawi imene kukula kwawo kuli pafupi kutha. Kholo likaona kuti mwana wasiya kutalika, limaloza chala zitsulo. Chachitatu, munthu wa chifuwa chachikulu ndi mapewa otambasuka amaoneka wamfupi kuposa m'mene alili.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Pakati pa mafupa a msana pali timitsamiro tofewa tokhala ndi madzi. Masana timitsamiro timeneti timaphwa pang'ono chifukwa cha kulemera kwa thupi, kotero munthu aliyense amakhala wamfupi ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono madzulo kusiyana ndi m'mawa. Akagona usiku timitsamiroto timabwerera mwakale.

Pamene pali ngozi yeniyeni

Ngakhale zili choncho, simuyenera kungomuyang'ana mwana akamanyamula zitsulo mwachisawawa. Malo okulira aja ndi ofewa kuposa fupa lowazungulira, ndipo akhoza kuthyoka. Kawirikawiri amathyoka mwana akagwa mumtengo, pa njinga kapena pa mpira. Akhozanso kuthyoka ngati mwana akweza chitsulo chomuposa mphamvu pamwamba pa mutu, chitsulocho nichimupulumuka. Zitsulo zopangira kunyumba zili ndi vuto lakuti mbali imodzi imalemera kuposa inzake, ndipo simenti ikhoza kusomphoka ndi kugwera phazi. Anyamata akamapikisana kuti aone wamphamvu ndani, ambiri amavulala msana, mapewa ndi manja.

Malo okulira akathyoka, ambiri amapola bwino ngati mwana walandira chithandizo msanga. Koma akanyalanyazidwa, mkono kapena mwendo umenewo ukhoza kukula mokhota kapena kufupika kuposa unzake. Tsono mwana akatupa pafupi ndi bondo, kasukusuku, phewa kapena polumikizira dzanja, ndipo ululu sukutha, musamutofe kapena kumutema mphini. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngozi ina yaikulu ndi mankhwala otukumutsa minofu otchedwa masiteroidi, amene ena amagulitsa mobisa ngati mibulu kapena jakisoni. Mankhwala amenewa amatsanzira mahomoni achimuna, motero amatseka malo okulira nthawi isanakwane, ndipo mwanayo amakhala wamfupi moyo wake wonse. Amaononganso chiwindi ndi mtima. Muuzeni mwana wanu kuti asamwe mankhwala alionse okulitsa thupi amene sanalembedwe ndi dokotala.

Masewera ndi osiyana ndi ntchito yolemetsa

Mwana wochita masewera amanyamula kwa kanthawi kochepa, amapuma, ndipo akatopa amaleka. Mwana wosenza matumba a chimanga, njerwa, nkhuni kapena zidebe zikuluzikulu za madzi mtunda wautali tsiku ndi tsiku alibe mpata wotere. Amamva kuwawa khosi ndi msana, ndipo chakudya chochepa chimene wadya chimathera ku ntchitoyo m'malo mokulitsa thupi lake. Lamulo la za ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso limaletsa kupatsa mwana wa zaka 14 mpaka 18 ntchito yoononga thanzi lake kapena maphunziro ake. Nkwabwino kuti ana azithandiza ntchito za pakhomo, koma katundu alingane ndi msinkhu wawo. Kamtsikana ka zaka 9 katunge madzi m'kandowa kakang'ono kawiri, kusiyana ndi kusenza chidebe cha malita 20 kamodzi.

Chimene chimapinimbiritsa ana

Gawo lalikulu la msinkhu wa mwana amatengera kwa makolo ake ndi makolo a makolowo. Koma kuti afike pa msinkhu umene magazi a kwawo amulola, afunika chakudya chokwanira ndi thupi lopanda matenda. Apa ndi pamene pali vuto lathu lenileni. Kafukufuku wa za umoyo wa chaka cha 2010 anapeza kuti m'Malawi ana 47 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 mwa 100 alionse. Ana amenewa sanagwirepo chitsulo chilichonse.

Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi atenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Msinkhu umene mwana wataya m'nyengo imeneyi ndi wovuta kuubweza akakula, ndipo ubongo wake umabwereranso m'mbuyo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Choncho, ngati mufuna mwana wamsinkhu wabwino, yambani ndi khanda limene lili kumbuyo kwanulo. Muyamwitseni mwakathithi kwa miyezi 6, osamupatsa madzi kapena phala. Pambuyo pake yambani kumupatsa phala lolimbirapo lothira nsinjiro, soya, dzira kapena ufa wa usipa, uku mukupitiriza kuyamwitsa kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Alandire katemera yense, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba pa nthawi yake. Agone m'neti usiku uliwonse, ndipo inu musambe m'manja ndi sopo musanamudyetse, pakuti malungo ndi kutsekula m'mimba kobwerezabwereza zimaimitsa kukula.

Mwana wosinkhuka nayenso afunika chakudya chambiri, nthawi zina choposa cha bambo ake. Mupatseni zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, mkaka ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi nkhwani zimalimbitsa mafupa. Pophika gwiritsani ntchito mchere wa ayodini. Likodzo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi, kotero mwana wokodza magazi apite kuchipatala msanga. Agone maola 8 mpaka 10, chifukwa homoni yokulitsa thupi imatuluka kwambiri munthu ali m'tulo tofa nato. Mtsikana wotenga pathupi asanamalize kukula amalimbirana chakudya ndi mwana wa m'mimba, ndipo onse awiri amavutika.

Malangizo kwa mwana wofuna kulimbitsa thupi

Ngati mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, afuna kuyamba masewerawa, muthandizeni kutsata izi:

1. Ayambe ndi masewera onyamula thupi lake lomwe, monga kunjuta, kudzikankha ndi manja kuchokera pansi ndi kudzikoka pa mtanda wolimba.

2. Pakhale munthu wamkulu wodziwa masewerawa, monga mphunzitsi wa zamasewera, womuyang'anira ndi kumuonetsa kanyamulidwe koyenera.

3. Asankhe chitsulo chimene angathe kuchikweza ka 8 mpaka ka 15 popanda kupindika msana kapena kudzandira. Akalephera kufika ka 8, chitsulocho chamukulira.

4. Asachite mpikisano wokweza chitsulo cholemetsetsa kamodzi kokha kufikira thupi lake litakhwima.

5. Achite masewerawa masiku awiri kapena atatu pa mlungu, ndipo azidumphitsa tsiku kuti minofu ipume.

6. Ayambe wathamanga pang'ono kuti thupi litenthe, amwe madzi okwanira, ndipo asanyamule ali ndi njala kapena akudwala.

7. Akamva kuwawa kobaya m'fupa, mumsana kapena polumikizira mafupa, aleke nthawi yomweyo.

8. Mwana wa khunyu, wa vuto la mtima kapena wa kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi dokotala.

Zofunika kukumbukira

Kunyamula zitsulo mwadongosolo sikufupikitsa mwana. Chimene muyenera kuopa ndi kuvulala, mankhwala otukumutsa minofu, ntchito yoposa msinkhu, matenda ndi kuperewera kwa chakudya. Ngati mtsikana wafika zaka 13 osayamba kumera mawere, kapena mnyamata wafika zaka 14 osaonetsa chizindikiro chilichonse cha kutha msinkhu, kapenanso mwana ali wamfupi kwambiri poyerekeza ndi anzake obadwa nawo chaka chimodzi, pitani naye kuchipatala kuti akamuyeze. Khanda lanu lipitirize kubwera kusikelo mwezi ndi mwezi kufikira zaka zisanu. Sungani bwino buku lake la kuchipatala, ndipo nthawi iliyonse akamuyeza, funsani mlangizi wa zaumoyo kuti akuonetseni m'mene mzere wa kakulidwe kake ukuyendera.