Phala la Mwana la M'mawa

M'makomo ambiri, mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri timampatsa phala lamadzimadzi la ufa woyera, lothira mchere wokha. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, choncho amakhuta msanga thupi lisanapeze chakudya chokwanira. Mwana wotere amapinimbira ndipo amadwaladwala.

Tiphike phala la mgaiwa, popeza madeya amene timataya pokonola ali ndi zofunika m'thupi. Likhale lolimbirako, losayenderera pa supuni. Tithiremo nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena bonongwe, ndi kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira. Mtedza wachuku tisaugwiritse ntchito.

Tingathenso kudzipangira ufa wa Likuni Phala, umene unatenga dzina ku mishoni ya Likuni: makapu 4 a chimanga ndi kapu 1 ya soya wokazinga, n'kukagayitsa pamodzi.

Tisambe m'manja ndi sopo, timpatse mwana mbale yake, ndipo timdyetse modekha. Apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Abambo, udindowu ndi wathunso. Pokolola tisagulitse soya ndi mtedza wonse. Tiyambe tapatula za ana.

Funso lokambirana m'mphakati: ndi zakudya ziti za m'munda mwathu zimene tingathire m'phala la mwana?