Gulani jaki musanaboole bokosi

Amene munafikako ku Nairobi mukuudziwa msewu wa Luthuli Avenue, wodzaza ndi mashopu a masipika, mawaya ndi ma ampulifaya. Chakum'mawa kwake kuli Kamukunji, kwa amisiri osula zitsulo otchedwa jua kali, mawu a Chiswahili otanthauza dzuwa loswa mtengo. Pulezidenti Daniel arap Moi anawayendera mu 1985. Jaki ya gitala timagula ku Luthuli, bokosi la chitsulo tingapindise ku Kamukunji, koma kuti ziwirizi zikumane pamafunika bowo. Pabowopo ndi pamene ambirife timawonongera ndalama.

Yambani mwagula jakiyo n'kuiyeza. Ya gitala, ya mamilimita 6.35, nthawi zambiri imafuna bowo la mamilimita pafupifupi 10. Ya maikolofoni yamapini atatu, yotchedwa XLR, imafuna la mamilimita 24 ndi timabowo tiwiri ta masikuluwu. Bowo likachepa mumalikuza ndi tupa. Likakula, palibe chobweza: jaki imagwedera, waya wam'kati amathothoka, ndipo mawu amaduka kwaya ili pakati pa nyimbo.

Matani tepi pamalopo, lembani chizindikiro, kenako menyani kadzenje ndi msomali ndi nyundo kuti choboolera chisaterereke. Boolani kabowo ka mamilimita 3, mukuze pang'onopang'ono. Pa chitsulo chopyapyala, choboolera chosongoka ngati masitepe, step drill, chimatulutsa bowo lozungulira bwino kuposa wamba, chimene chimakonda kung'amba. Aluminiyamu ndi wofewa. Chitsulo cholimba chimafuna liwiro lochepa ndi dontho la oyilo.

Makolo, ngati mwana akuthandizani, bokosi limangidwe pathabwa, asaligwire ndi manja. Choboolera chikakola potulukira, chitsulo chimazungulira ngati mpeni. Magalasi oteteza maso asaiwalike, ndipo pulagi ikhale yozula, poti magetsi a ku Kenya ndi mavoti 240.

Mukamaliza, palani m'mphepete mwa bowo ndi kukutumula tizitsulo tonse. Kamodzi kokha kakagwera pa bolodi kangachititse shoti n'kupsereza ampulifaya yonse. Onaninso ngati jakiyo ikuyenera kukhudza bokosi. Ngati ikuyenera, palani penti mozungulira bowo. Ngati ayi, ikani washala wa pulasitiki. Mukalakwitsa apa, sipika imayamba kulira kuti mmmm ngakhale woyimba asanagwire gitala.