M'MERA MPOYAMBA: GALU WOZOLOWERA ANTHU SAVUTA PA KATEMERA

Tsiku la katemera likakwana m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, agalu amaonetsa makhalidwe awiri. Ena amatsata mwana wa pakhomo mpaka pabwalo, nabayidwa jakisoni popanda phokoso. Ena akangoona chingwe amaliyatsa liwiro kulowera kuthengo. Agalu othawawo ndiwo njira imene chiwewe chimalowera m'mudzi.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewo amatenga nthendayi kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka, mankhwala ochiza palibe. Koma agalu 70 mwa 100 aliwonse akamalandira katemera chaka ndi chaka, nthendayi imasowa podzera. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Ntchito yotereyi imatheka agalu akamagwirika, ndipo kugwirika kumayambira ku ubwana.

NTHAWI YOPHUNZIRA NJAIFUPI

Akatswiri awiri a ku America, John Paul Scott ndi John Fuller, anafufuza za kakulidwe ka agalu kwa zaka zambiri, nasindikiza zimene anapeza m'chaka cha 1965. Anaona kuti kagalu kamazolowera anthu ndi agalu anzake makamaka kuyambira pa masabata atatu kufikira masabata 12. Kagalu kamene sikanagwidwepo ndi munthu kufikira masabata 14 kamakula ndi mantha ovuta kuchotsa. Tsono galu wamantha ndiye amafulumira kuluma akapanikizidwa.

Motero si bwino kuchotsa kagalu kwa make kasanakwane masabata asanu ndi atatu. Tiagalu tikamagwetsana ndi kulumana mosewera, timakhala tili pasukulu. Kamodzi kakaluma mopweteka, kanzake kamalira nkusiya masewerawo, ndipo koluma kaja kamaphunzira kuchepetsa mphamvu ya mano.

MASEWERA AKHALE NDI WOYANG'ANIRA

Mabanja oyandikana angathe kumasonkhanitsa tiagalu tawo madzulo kwa kanthawi kochepa, pabwalo losesa bwino. Tikhale tofanana msinkhu ndi topanda matenda, ndipo galu wamkulu wobwerapo akhale wofatsa ndi wotemera. Galu wosokera kapena wosadziwika mwini wake asayandikire.

Munthu wamkulu akhalepo nthawi zonse. M'masewera abwino tiagalu timasinthana: kothamangitsa kamathamangitsidwanso. Koma kamodzi kakapinda mchira, nkumabisala, masewerawo aimitsidwe modekha, popanda mkwapulo. Pamenepo mpabwinonso kukazoloweza kunyamulidwa, kugwidwa makutu ndi miyendo, ndiponso kuyenda pachingwe. Kakachita bwino kapatsidwe kambamu ka nsima.

Pa miyezi isanu ndi umodzi galu amalowa msinkhu wa unyamata. Amayamba mwano ndi kuyendayenda, ndipo ambiri amataya naye mtima, nkumumangirira pamtengo usana ndi usiku. Ena amamumenya dala kuti akhale wolusa. Kuteroko sikupanga mlonda wabwino ayi. Kumangopanga galu wosasiyanitsa mbala ndi mwana wobwera kudzapala moto. Galu wa msinkhu umenewu apitirize kusewera ndi anzake odziwika ndi kuyenda ndi mbuye wake. Koma asatayiriridwe, makamaka m'midzi yozungulira nkhalango ya Ntchisi, pakuti nkhandwe ndi afisi nazonso zimagwidwa chiwewe.

ANA NAWONSO APHUNZITSIDWE

Makolo aziuza ana kuti galu sagendedwa, sakokedwa mchira, ndipo sasokonezedwa pamene akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu. Akatha kusewera naye asambe m'manja ndi sopo, popeza tiagalu kawirikawiri timakhala ndi njoka za m'mimba.

Kufatsa kwa galu sikulowa m'malo mwa katemera. Ngakhale kagalu kakang'ono kangathe kukhala ndi chiwewe, choncho pa tsiku la katemera tiagalu tisatsale kunyumba. Mlangizi wa ziweto ndiye wofunsidwa za tsiku ndi malo ake.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, chilonda chitsukidwe msanga ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi ku Mponela, ku Malomo, kapena ku chipatala cha boma ku Dowa ndi ku Ntchisi. Kuthira mankhwala achikuda pachilonda ndi kudikira kuti chioneke mmene chikhalire kumangotaya masiku amene katemera akadapulumutsa moyo.