Mikangano ya Maufumu a ku Ulaya ndi Kukula kwa Zambia: Umboni Wochokera ku Dziko la Ansenga

1.0 Mau Oyamba

Mwana wobadwira m'dziko la Mfumu Sandwe amayamwa Chinsenga kwa amayi ake. Akalowa sukulu amapeza kuti chinenero cha m'dziko chimene chili m'mabuku ndi Chinyanja, ndipo mayeso amene adzamutsegulire kapena kumutsekera njira ndi a m'Chingerezi. Mbale wake wa pfuko lomwelo wokhala ku Zumbo kapena ku Marávia, m'chigawo cha Tete, amayamwanso Chinsenga, koma chinenero cha boma ndi cha mayeso kwa iye ndi Chipwitikizi. Ambiri a ife taizolowera nkhaniyi kotero kuti sitifunsanso kumene idachokera.

Cholinga cha pepala lino ndi kuonetsa kuti kusiyana kumeneku, pamodzi ndi zina zambiri zokhudza chuma ndi kayendetsedwe ka dziko la Zambia, kudabadwa m'mikangano ya maufumu a ku Ulaya. Tiunika mikangano itatu: wa Angerezi ndi Apwitikizi (1889-1891), nkhondo yoyamba ya dziko lonse (1914-1918) ndi nkhondo yachiwiri (1939-1945). Umboni wathu tautenga makamaka kudera la Ansenga la Sandwe, Petauke ndi Nyimba, popeza derali lidali pamphambano pamene zofuna za maufumuwa zinkakumana.

2.0 Mkangano wa Angerezi ndi Apwitikizi

Atsamunda a Chingerezi asanafike, malonda a Ansenga ankaloza kumwera, ku mtsinje wa Zambezi. Minyanga ya njovu ndi akapolo zinkatsikira ku Zumbo ndi ku Tete, ndipo nsalu, mikanda ndi mfuti zinkakwera kuchokera kumeneko. Eni malondawa adali Achikunda, motsogozedwa ndi anthu onga Kanyemba ndi Matakenya, amene ankadzitcha nzika za mfumu ya Portugal. Chakum'mawa kudali Angoni a Mpezeni, amene adakhazikika m'derali cha m'ma 1870 ndipo ankathira nkhondo midzi ya Ansenga. Akazi ambiri a Chinsenga adatengedwa kukakhala m'midzi ya Angoni, ndipo nchifukwa chake ana a Angoniwo adakula akuyankhula Chinsenga mpaka Chingoni chidazilala.

Mu 1885 kwa Mpezeni kudafika Carl Wiese, Mjeremani wochita malonda a minyanga, amene adakwatira ku Tete. Iyeyu adakhala maso ndi makutu a Apwitikizi, amene ankalota zolumikiza Angola ndi Mozambique kuti likhale dziko limodzi lochokera kunyanja ina kufika kunyanja inzake. Loto limeneli lidawombana ndi la Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa Company. Asilikali a Serpa Pinto atamenyana ndi Amakololo m'chigwa cha Shire mu Novembala 1889, boma la Lord Salisbury lidatumiza chenjezo lomaliza ku Lisbon pa 11 Januwale 1890. Portugal, poona kuti sangalimbane ndi zombo za nkhondo za Angerezi, adagonja.

Tiyenera kunena poyera kuti apa sipadabuke nkhondo yeniyeni pakati pa maufumu awiriwa. Komabe pangano la pa 11 Juni 1891 lidachita zimene nkhondo imachita. Lidajambula mzere wochokera kumpoto chakum'mawa kukafika pamene mtsinje wa Luangwa umadutsa digiri ya 15, kenaka nkutsata mtsinjewo mpaka ku Zambezi. Feira idagwera kwa Angerezi, Zumbo tsidya linalo idatsalira Apwitikizi, ndipo dziko la Ansenga lidadulidwa pawiri popanda mfumu ya Chinsenga ndi imodzi yomwe kufunsidwa.

Zotsatira zake zidali ziwiri. Choyamba, dziko limene lidadzakhala Zambia lidatsekeredwa kumtunda, lopanda doko lakelake. Chachiwiri, mapepala a malo amene Wiese adatenga kwa Mpezeni sadafe. Adagulitsidwa, ndipo mu 1895 adabala kampani ya North Charterland Exploration Company, imene idapatsidwa malo okwana masikweya mailosi 10,000, kuphatikizapo madera a Fort Jameson ndi Petauke. Kampaniyi inkayembekeza golide wochuluka. Chiyembekezocho chidathandiza kubweretsa nkhondo ya mu Januwale 1898, pamene Angoni adagonjetsedwa, Nsingo mwana wa Mpezeni adaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa. Golideyo adapezeka wochepa, monga pamgodi waung'ono wa Sasare m'dera la Petauke. Kampani itasowa golide idatembenukira ku nthaka ndi ku anthu: malo idagulitsa kwa alimi a Chizungu, ndipo amuna, pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba, adayamba ulendo wa ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia.

3.0 Nkhondo ya Mtengatenga

Pangano la Angerezi ndi Ajeremani la pa 1 Julaye 1890 lidaika malire pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Tanganyika. Nkhondo itabuka mu 1914, malirewo adasanduka bwalo la nkhondo, ndipo Abercorn, imene lero ndi Mbala, idaukiridwa mu Seputembala chaka chomwecho. Petauke ili kutali ndi Mbala, koma nkhondoyi idafika m'midzi yake kudzera m'ntchito ya mtengatenga.

Vuto lake lidali la masamu. Njanji inkadutsa pa Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, mamailosi pafupifupi 600 kuchokera kumalire a kumpoto. Ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe, ndipo magalimoto adali ochepa pamisewu yosakonzedwa. Chotsala chidali mutu wa munthu. Wamtengatenga ankasenza katundu wa mapaundi pafupifupi 60, ndipo ngati adya mapaundi awiri ndi theka patsiku, ndiye kuti m'masiku 24 wadya katundu wofanana ndi amene wasenza. Choncho kuti thumba limodzi la ufa lifike kwa msilikali, pankafunika anthu ena ambiri osenzera chakudya osenza anzawo. Kuyambira mu 1916, pamene Edward Northey adayamba kulowa m'dziko la Ajeremani, kufunika kwa amtengatenga kudakula kwambiri, ndipo amuna a m'maboma a Fort Jameson ndi Petauke adalembedwa, ambiri mokakamizidwa.

M'midzi ya Ansenga, mmene mwamuna amakhala chikamwini ndipo ntchito yodula mitengo ndi kutsegula mphanje imadalira iye, kuchoka kwa amuna kudachepetsa minda. Amene adabwerako adapeza nkhokwe zopepuka, ndipo kumapeto kwa 1918 mliri wa chimfine udatsata njira zomwezo zimene amtengatenga ankayenda. Mafumu ndi amesenjala a pa boma, amene adapatsidwa ntchito yosonkhanitsa anthu, adataya ulemu pamaso pa anthu awo.

Tsidya la Apwitikizi zinthu zidafika poipa kwambiri. Germany idalengeza nkhondo pa Portugal mu Malichi 1916, ndipo kugwira anthu kuti akhale asilikali ndi amtengatenga kudakhala chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kuukira kwa Makombe wa ku Barue mu 1917. Ansenga ndi Achikunda a kufupi ndi Zumbo adalowa nawo m'kuukirako, monga afotokozera Allen Isaacman. Apa tiona mtundu umodzi ukusenzera katundu maufumu awiri pankhondo imodzi, ena nkupirira, ena nkunyamula zida.

Paul von Lettow-Vorbeck adalowa m'Northern Rhodesia kumapeto kwa 1918, adalanda Kasama, ndipo adamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi. Adatula zida ku Abercorn pa 25 Novembala 1918. Nkhondoyi idaonetsa kuti kampani yofuna phindu singathe kusenza mtolo wolamulira dziko, ndipo pa 1 Epulo 1924 boma la Britain lidatenga ulamuliro wa Northern Rhodesia. Gawo lalikulu la dziko la Ajeremani lija lidaperekedwa kwa Angerezi nkutchedwa Tanganyika. Ichi chidadzathandiza Zambia patapita zaka: Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu 1965, njira ya kumpoto ndiyo idapulumutsa dziko, kudzera m'paipi ya mafuta ya TAZAMA mu 1968 ndi njanji ya TAZARA mu 1975.

4.0 Nthaka, Mkuwa ndi Nkhondo Yachiwiri

Kusintha kwa 1924 sikudachotse North Charterland. M'malo mwake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu adasamutsidwira m'malo opatulidwa, kuti nthaka yabwino idikire azungu amene ambiri a iwo sadabwere nkomwe. Leroy Vail, m'nkhani yake ya mu 1977, adaonetsa kuti malo osiyidwawo adamera tchire, nyama zakuthengo zidachuluka, ndipo kashembe adafalikira, pamene m'malo opatulidwa nthaka inkaguga chifukwa cha kuthithikana. Boma lidagula malo a kampaniyi mu 1941, nkhondo yachiwiri ili mkati, nkuyamba kubwezamo anthu. Choncho pepala limene Wiese adatenga pothandiza Portugal lidalamulira nthaka ya kum'mawa kwa zaka 50.

Nkhondo yachiwiri idalimbitsa maonekedwe a chuma amene Zambia idalandira pa 24 Okutobala 1964. Britain inkafuna mkuwa wopangira zida, ndipo inkagula mkuwa wa ku Copperbelt mwa pangano. Ndalama, nyumba ndi ntchito zidaunjikana m'mbali mwa njanji, pamene madera onga Petauke adatsala ngati nkhokwe ya antchito. Kuyambira mu 1942 boma lidayamba kugwira anthu kuti akalime m'minda ya azungu pofuna kudyetsa a kumigodi. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment adamenya nkhondo ndi Ataliyana ku Tug Argan, m'British Somaliland, mu Ogasiti 1940, ndipo ena adakafika ku Madagascar ndi ku Burma. Kunyanyala ntchito kwa a kumigodi mu 1940, kumene anthu adaomberedwa ku Nkana, ndi kubadwa kwa Northern Rhodesia African Congress mu 1948, zikuonetsa kuti nkhondo imene idalemeretsa migodi ndi yomwenso idafulumizitsa ndale za ufulu.

5.0 Zotsatira pa Zinenero

Kwa ife a zinenero, apa ndi pamene pagona nkhani. Chinsenga chidalembedwa msanga ndithu: A. C. Madan adatulutsa Senga Handbook mu 1905, ndipo A. S. B. Ranger adatulutsa Chinsenga Handbook mu 1928. Nanga chidalephera bwanji kukhala chinenero cha sukulu? Tikuona zifukwa zitatu, ndipo zonse zili ndi mizu m'mbiri imene tafotokozayi.

Choyamba, malire a 1891 adagawa oyankhula Chinsenga ndi kumangiriza a kumpoto ku Nyasaland. Ulamuliro wa ku Fort Jameson udadza ndi makalaliki, otanthauzira ndi asilikali oyankhula Chinyanja. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene adatsegula Magwero mu 1899 ndi Nyanje mu 1905, adachokeranso ku Nyasaland atanyamula mabuku a Chinyanja, ndipo Buku Lopatulika la mu 1922 lidakhala muyezo wa chinenero cholembedwa.

Chachiwiri, nkhondo zidapatsa Chinyanja udindo wa chinenero cha yunifolomu. Chidali chinenero cha magulu a King's African Rifles a ku Nyasaland, ndiponso cha apolisi ndi asilikali a ku Northern Rhodesia, amene ambiri a iwo ankachokera kum'mawa. Likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935, anthu a kum'mawawa adafika nacho Chinyanja m'tauni yatsopanoyo. Komabe tisaiwale kuti Chinyanja cha ku Lusaka chili ndi Chinsenga chambiri m'kati mwake. Chinsenga chidalephera kulowa m'kalasi, koma chidalowa mumsika.

Chachitatu, wailesi ya ku Lusaka idayamba mu 1941 ndi cholinga chofalitsa nkhani za nkhondo, ndipo idagwiritsa ntchito zinenero zochepa zimene boma lidasankha kale, monga momwe inkachitira nyuzipepala ya Mutende kuyambira mu 1936. Zambia itadzilamulira idalandira mndandanda umenewu nkuukuza kufika pa zinenero 7, ndipo Chinsenga sichidalowemo. Lamulo la maphunziro la mu 1966 lidaika Chingerezi patsogolo pa zonse.

Mau amene timayankhula amasunganso mbiriyi. Nsapato, kalata, mbatata, chipewa ndi kapitao ndi mau a nthawi ya malonda a ku Zambezi, ochokera ku Chipwitikizi. Boma, bwana, ndege ndi galimoto adadzera ku Chiswahili, chinenero cha amalonda a kugombe ndi cha asilikali a kumpoto. Mtengatenga ndi mau athuathu amene nkhondo idawapatsa tanthauzo latsopano, ndipo chiwaya lidakhala dzina la mfuti yolira mosalekeza ndiponso la nkhondo yonseyo. Magule a mganda ndi malipenga, ndi mizere yawo ndi maudindo awo, ndi perete wa asilikali amene adasanduka gule wa m'mudzi.

6.0 Mau Omaliza

Mzere wa 1891 sudasiye kugwira ntchito pa tsiku la ufulu. FRELIMO itatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndiponso nkhondo ya RENAMO itakula m'ma 1980, midzi ya m'malire a Petauke ndi Nyimba idalandira othawa nkhondo, ndipo nthawi zina idaukiridwa. Mu 1987 kudatsegulidwa malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, m'dera limene tsopano lili m'boma la Lusangazi. Ambiri mwa alendowo ankamvana ndi eni mudzi popanda wotanthauzira. Mapepala ankawatcha akunja, koma lilime linkawatcha abale. Ambiri adabwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la mu 1992.

Sitikunena kuti zonse zimene zidachitikira Ansenga zidakonzedwa ku London, Lisbon kapena Berlin. Mafumu, amtengatenga, asilikali ndi amayi otsala m'midzi adapanga zosankha zawo, ndipo maboma a Zambia akhala ndi zaka zoposa 60 zoti asinthe zimene adalandira. Chimene tikunena nchakuti mphunzitsi wa kwa Sandwe amene akuona mwana akuvutika ndi Chinyanja cha m'buku asafulumire kumutcha mbuli, kapena kutcha Chinsenga Chinyanja chopotoka. Mwanayo akuphunzira chinenero chachiwiri, chimene chidasankhidwa pa zifukwa za malire, za mishoni ndi za nkhondo. Tikupempha kuti maphunziro a aphunzitsi a kum'mawa aziphatikizapo kufananitsa malamulo a Chinsenga ndi a Chinyanja, ndi kuti ofufuza a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique agwirizane polemba mau, nthano ndi mbiri za m'mabanja za mbali zonse ziwiri za malire, adzukulu a amtengatenga akadali ndi moyo.