Mmene Osula a ku Mashonaland Amazindikirira Citsulo

Pa mafamu a ku Mazowe, Mvurwi ndi Marondera m'dziko la Zimbabwe, kumene anthu ambiri a ku Nyasaland anakagwira nchito ya fodya ndi cimanga m'zaka za 1940 ndi 1950, wosula sagula citsulo catsopano kawirikawiri. Amatola zotayidwa: masipuling'i a galimoto, zimbale za pulawo, ndipo nthawi zina cikhomo cacikuru ca ulalo wakale umene unapasulidwa.

Cikhomo cotere cimanyenga. Ncolemera ndithu, koma cingakhale ca citsulo cofewa, ndipo nkhwangwa yace imabuntha tsiku lomwelo. Makala ndi thukuta zapita pacabe. Cinsinsi ciri pa kaboni. Akacepera magawo 3 pa 1,000, citsulo sicilimba bwino ngakhale aciviike m'madzi. Sipuling'i iri ndi magawo ngati 6.

Motero wosula wanzeru ayamba wacikhudza pa gudumu lonolera. Moto ukathetheka mizere yaitali yosaphulika, kaboni ngwocepa. Ukaphulika ngati nyenyezi, alipo wambiri. Koma maso amanama, ndipo mlandu umatha ndi tupa. Amadula kacidutswa, nakaocha kufikira maginito aleka kukagwira, ndiko kutentha kwa madigiri ngati 770, nakaviika m'madzi. Tupa akaterereka osaluma, citsuloco ciyenera nkhwangwa ndi sompho. Akaluma, cikhomoco cisanduka mbaniro, mahinjesi a cipata, kapena, cikakhala cacikuru, posulira pace.