Msipu wa m'Madambo ndi Madzi a Lilongwe

Anthu a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo amamwa madzi a mtsinje wa Lilongwe, umene uchokera ku Dzalanyama nudzaza Damu la Kamuzu ku Malingunde, lomangidwa mu 1966. Madambo a m'mbali mwa mtsinjewu ndiwo asunga madzi kufikira chilimwe.

Ng'ombe zikamadya mosinthasintha malo, udzu uphukanso, ndipo moto wolusa uchepa mphamvu. Koma zikaunjikana malo amodzi zipondereza nthaka, mvula nikumba zigwembe, matope natsikira m'damu.

Tsono mafumu ndi eni ng'ombe agawe msipu. Aphunzitsi nawo atsogolere makolo ndi ana, mwa kufuna kwawo, kulambula njira zotchinga moto. Boma palokha silingathe kulonda dambo lililonse.