Kasungidwe ndi kalawidwe ka vinyo wofiira wokhalitsa

Vinyo wofiira wokhalitsa ndi vinyo wa mphesa zakuda amene wasungidwa m'migolo kapena m'mabotolo kwa zaka zingapo kuti kukoma ndi fungo lake zikhwime. Si vinyo aliyense amene amakoma akakhalitsa. Wambiri amene amagulitsidwa m'masitolo amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Ngakhale vinyo woyenera kusungidwa amaonongeka msanga akaikidwa pamalo otentha, ndipo ili ndi vuto lalikulu m'madera ambiri a Malawi.

Zimene zimachitika m'botolo

Popanga vinyo wofiira, madzi a mphesa amawira pamodzi ndi makoko ake. Yisiti amasandutsa shuga kukhala mowa, pamene makoko amapereka mtundu wofiira ndi zinthu zotchedwa tanini. Tanini ndiye amaumitsa m'kamwa, monga mmene zimakhalira munthu akadya nthochi yosapsa kapena akamwa tiyi wakuda wowirikiza wopanda mkaka.

Zaka zikamapita, tanini amagwirana ndi tinthu topereka mtundu n'kumatsikira pansi pa botolo ngati nsenga. Chifukwa cha ichi vinyo amafewa pakamwa, ndipo mtundu wake umachoka pa kufiira kodera n'kuyamba kufanana ndi njerwa yootcha. Fungo la zipatso zaziwisi limachepa, m'malo mwake mumabwera fungo longa la zipatso zouma, fodya wofutsa, chikopa kapena dothi la m'nkhalango. Mpweya wa okosijeni wochepa kwambiri umathandiza kusinthaku, koma ukachuluka vinyo amasukuluka, mwinanso kusasa ngati viniga. Wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, adafufuza za mpweya ndi tizilombo toononga vinyo, ndipo adasindikiza zotsatira zake m'chaka cha 1866.

Vinyo amene amapirira zaka

Vinyo amakhalitsa ngati ali ndi tanini wambiri, kuwawasa kokwanira ndi kukoma kwa zipatso kolimba. Mphesa za Cabernet Sauvignon za ku Bordeaux, Nebbiolo za ku Italy ndi Tempranillo za ku Spain n'zodziwika pa chimenechi. Malamulo a ku Italy salola kugulitsa Barolo asanakhale miyezi 38, ndipo Rioja Gran Reserva wofiira wa ku Spain amayenera kukhala zaka zisanu.

Vinyo wambiri wa mphesa amene amapezeka ku Malawi amachokera ku South Africa. Kumeneko vinyo woyamba adafinyidwa pa 2 February 1659 ku Cape, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. M'chaka cha 1925, Abraham Izak Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch adakwatitsa mphesa za Pinot noir ndi Cinsaut n'kupeza mtundu wa Pinotage. Minda ya Kanonkop ndi Meerlust, yomwe ili m'dera la Stellenbosch, imapanga vinyo wofiira amene amatha kusungidwa zaka zoposa khumi. Ku Malawi, kampani ya Linga ya ku Lilongwe imapanga vinyo wa zipatso zina monga jambula, mapulamu ndi magwafa.

Kasungidwe

Malo abwino osungiramo vinyo amakhala ozizira pakati pa madigiri 12 ndi 14, amdima, osagwedezeka, ndi chinyezi cha pafupifupi 70 peresenti. Botolo lotsekedwa ndi khungwa la mtengo wa cork limagonekedwa chammbali kuti chotsekeracho chizikhala chonyowa. Chikauma chimanyala n'kulowetsa mpweya. Botolo la chivindikiro chopotokola likhoza kuimikidwa.

Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kusintha kwa m'botolo kumathamanga pafupifupi kawiri. Kukafika pa madigiri 30 kwa nthawi yaitali, vinyo amamveka ngati zipatso zophika, ndipo amatha kudontha m'mbali mwa chotsekera. Kusinthasintha kwa kutentha n'koipanso, chifukwa vinyo amafufuma usana n'kuphwa usiku, ndipo potero amakoka mpweya wakunja.

Chitsanzo cha dera la Phalombe

Dera la Phalombe, kumpoto kwa Phiri la Mulanje, likuonetsa bwino mmene kukwera kwa malo kumasinthira nkhaniyi. Chigwa cha Phalombe chili pamtunda wa mamita pafupifupi 700, ndipo chimalandira mvula yochepa poyerekeza ndi mbali ya kummwera kwa phiri kumene kumalimidwa tiyi. M'miyezi ya October ndi November kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha koposa. Botolo losiyidwa pashelefu m'nyengo yotere likhoza kuonongeka m'masabata ochepa.

Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Choncho zidikha za pamwamba pa phiri, zimene zili pa mamita pafupifupi 2,000, monga kumene amafika okwera kudzera ku Fort Lister, n'zozizira kwambiri kuposa ku Migowi kapena paboma. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Komabe kuzizira kwa paphiri n'kosakhazikika, pakuti masana kumawomba dzuwa ndipo usiku wa mu June ndi July kumagwa chisanu. N'chifukwa chake m'maiko olima mphesa amakumba zipinda zapansi, poti dothi limasunga kuzizira kofanana usana ndi usiku.

Kumalo otentha, botolo limatetezeka likaikidwa pansi m'chipinda chapakati cha nyumba ya njerwa, kutali ndi khitchini ndi zenera. Filiji wamba amazizira mopitirira, pafupifupi madigiri 4, amaumitsa chotsekera, ndipo magetsi akamazimazima kuzizirako kumasinthasintha. Popanda malo oyenera, vinyo amakoma akamwedwa msanga.

Kalawidwe

Botolo lokhalitsa limaimikidwa tsiku limodzi kapena awiri lisanatsegulidwe kuti nsenga zidikhe. Chotsekera chakale chimafumbutuka, motero chimazulidwa pang'onopang'ono. Kenako vinyo amatsanulidwa mosamala m'chotengera china chagalasi, nsenga n'kutsala m'botolo. Amakoma ali pa madigiri 16 mpaka 18.

Wolawa amayamba ndi maso, kupendeketsa tambula pamwamba pa nsalu yoyera kuti aone mtundu wa m'mphepete. Kenako amazunguza vinyo n'kununkhiza, ndipo pomaliza amamwa pang'ono n'kuyendetsa m'kamwa kuti amve kuwawasa, tanini ndi kutalika kwa nthawi imene kukoma kumatsala. Akatswiri olawa mabotolo ambiri amalavula kuti asaledzere. Fungo longa la katoni yonyowa limasonyeza kuti chotsekera chidali ndi vuto, pamene mtundu wabulauni ndi kusukuluka zimasonyeza kuti mudalowa mpweya kapena kutentha. Vinyo wakale kwambiri amataya fungo msanga akatsegulidwa, nthawi zina ola lisanathe.